Zimene Fyuzi Akukumbukira

9 Malichi

Okondedwa mlamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Chifuwa cha kamtsikana kaja chinaleka? Ine ndilipo, kungoti msana wayamba kudandaula ndi ntchito yosita nsalu kuhotela kuno.

Loya wavomera kuchita apilo mlandu wa Fyuzi. Ndi mtsikana ndithu, wochepa thupi, ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya nsapato, mafayilo ali mbwee mpaka pawindo. Nditamuona ndinati mumtima, kameneka kangalimbane ndi majaji? Atatsegula pakamwa ndinasintha maganizo.

Akuti khoti loyamba linamanga mlongo wanga ndi chingwe chimodzi chokha, sitetimenti ija anasainira kupolisi yovomera kuti ndiye anapha a Hadiweya, eni sitolo ya misomali ndi penti aja, n'kutenga ndalama za m'sitolomo. Palibe anamuona. Ndalama sanam'peze nazo. Hamala ndi yakedi, koma ndani sadziwa kuti sabata imeneyo ankakonza mawaya a magetsi m'sitolomo, ndipo chikwama cha zida ankachisiya pansi pa kauntala? Umboni wanu woti madzulo amenewo munali naye kuchipatala atanyamula mwana, anautaya, ati mkazi sangaleke kuikira kumbuyo mwamuna wake. Loya akuti ayambira pa zala ziwiri zija anatuluka nazo m'chitokosi zitathyoka. Munthu wosaina ndi dzanja lotero, akuti, sasaina mwa kufuna kwake. Ngakhale chilango chokhala m'ndende moyo wonse akachitsutsa.

Chaka chachitatu chino, mlamu, koma mwina Mulungu watiyang'ana. Tsiku la apilo Fyuzi adzaloledwa kuvala zakunyumba. Mundipezere suti yake ija ya ukwati, mupatsire dalaivala wa basi ya m'mawa. Nkhaniyi musauze munthu.

Ndine mlamu wanu wa kuhotela.

24 Malichi

Alamu anga,

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kachiwiri mokweza kuti makina osokera amve nawo, poti ndiwo anzanga otsala. Chigwidwire bambo a ana, makasitomala amandilambalala ngati tepi yanga ikawazungulira m'khosi siimasuka. Ana ali bwino, chifuwa chinaleka.

Suti ya ukwati musaiwerengere. Ndatsegula sutikesi, ndapeza njenjete zachita phwando, jekete langosanduka sefa.

Koma mverani izi. Lachiwiri masana, dzuwa lili paliwombo, ndinaona chithunzithunzi chagwera pa nsalu imene ndinkadula. Kudzutsa mutu, ndi mayi a kuhadiweya, mkazi wa malemu. Mayi amene chichitikire maliro amawoloka msewu akandiona! Moni sanapereke. Anakhala pabenchi, n'kutulutsa m'jumbo suti yotuwa ija malemu ankaikonda.

“Mundichepetsere iyi,” anatero.

Ndinati, “Wovalayo ali kuti, mayi, ndimuyeze?”

“Sangabwere. Lembani.”

Anayamba kutchula miyezo pamtima, m'chiuno, mapewa, kutalika kwa mwendo. Ndikulemba choncho choko chinandipulumuka m'manja. Alamu, mwamuna wanga uja ndamusokera zaka zonse za ukwati wathu. Inali miyezo yake. Mpaka anawonjeza kuti phewa lamanzere nditsitseko pang'ono, lija linapendekeka ndi kunyamula makwerero.

Ndinati, “Mayi, miyezo iyi mwaitenga kuti?”

Anati, “Mlandu wonse ndinkakhala kumbuyo kwake m'khoti. Ndinalibe kwina koyang'ana.” Ataima kuti azipita anawonjezera: “Munthu asakaime pamaso pa majaji ngati wopanda kwawo.”

Za apilo sindinauze munthu, ngakhale mayi anga. Mayi a kuhadiweyawa azimva kuti? Sutiyo ndaipachika kuseri kwa chitseko. Ndikamasoka ndimamva ngati wina waima kumbuyo kwanga akudikira kuti ndimalize. Kodi ndi chifundo chimenechi, kapena akutitchera? Ndiyankheni msanga.

Ine mlamu wanu, telala wopanda makasitomala.

2 Epulo

Achemwali,

Moni kuchokera kuno. Ndili bwino. Sopo anafika, zikomo. Zala zimapweteka kukazizira basi. Andiika m'gulu lokonza magetsi, ndiye tsiku silitalika.

Loya anabwera. Anandisiyira sitetimenti ija kuti ndiwerenge, ndilembe mzere pansi paliponse pamene pali bodza. Ndakhala nayo, pensulo ili m'manja. Sindinalembe mzere ngakhale umodzi.

Kale ndinkakuuzani kuti mawu aja anali a wapolisi wamtali uja, iye ankanena, ine n'kumabwereza kuti andileke. Ndi mmene ndinkadziwira. Koma tsopano ndikamawerenga ndimaona. Ndimaona loko wa khomo lakumbuyo akugwa pansi. Ndimamva fungo la penti ndi palafini. Ndimaona msana wa a Hadiweya atawerama pa kauntala, malaya atatuluka m'thalauza. Dzanja langa limadziwa kulemera kwa hamala ija. Za kuchipatala ndimayesa kuzikumbukira, sizibwera. Ndimangoona benchi yopanda munthu.

Achemwali, munthu angaone bwanji chinthu chimene sanachite?

Muuzeni loya asadzivute. Chiyambire kuvomera mumtima ndikudya bwino. Mkazi wanga musamuuze kaye.

Mlongo wanu, Fyuzi.

15 Epulo

Mlamu,

Moni nonse kumeneko. Suti imeneyo musaikhudze ndi sizasi. Ibwezeni lero lomwe, pamaso pa anthu. Chovala cha munthu wakufa, wakufa mwa njira imene ija, chikakhale pathupi pa mlongo wanga? Ine ndibwereka ina kwa mnzanga wa kuntchito, mwamuna wake ndi wa msinkhu womwewo.

Fyuzi anati ndisakuuzeni, koma ndinu mkazi wake. Wandilembera kuti wayamba kukumbukira kuti anaphadi. Loweruka ndinapita kukamuona. Wanenepako, nkhope yasalala, akumwetulira ngati munthu wochira malungo. Ndinamugwira kudzera pa waya paja n'kunena kuti, “Iwe, madzulo aja unali kuchipatala. Mwana anakusanzira paphewa, mlamu anachapa malayawo.” Anandiyang'ana mwachisoni, ngati wodwala ndine, n'kuti, “Achemwali, mumandikonda, n'chifukwa chake.”

Ndinatuluka, ulendo wa kwa loya. Iye sanadabwe. Akuti waonapo otere. Munthu akamenyedwa, n'kumubwerezetsa nkhani imodzi, kenako n'kumutsekera nayo zaka, nkhaniyo imamera mizu. Akuti apilo ipitirira, poti Fyuzi anasainira kale ndipo sanalembe zoiletsa.

Kenako anandionetsa zithunzi zimene apolisi eniake anajambula m'mawa mwake. Sitetimenti imati wakuphayo anathyola loko wa khomo lakumbuyo. Pachithunzipo loko ali bwinobwino, wopanda ndi kachipsera komwe, akulendewera potsegula. Anatsegula ndi kiyi, mlamu. Ndinafunsa kuti makiyi ankasunga ndani. Akuti malemu, akazi awo, ndi mwana wawo uja mumamutcha Bwana Wamng'ono, amene akuyendetsa sitolo panopa. Loya anati, “Mayi, ntchito yanga ndi kutulutsa mlongo wanu, osati kulowetsa wina.” Ndangokumbukira kuti mnyamata uja ankakangana ndi bambo ake mpaka anthu kuima pamsewu.

Mwina tsopano mukuona chimene chikuwadya mayi aja. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Chenjerani nawo onse awiri.

Mlamu wanu.

6 Meyi

Alamu anga,

Tili moyo. Kalata yanu ya pa 15 Epulo yandipeza dzulo. Dalaivala anaiiwala m'galimoto, anaipeza potsuka, yonyowa ngodya. Madzi atayika kale. Nditadikira osamva kanthu ndinaganiza kuti mwavomera. Suti ndinaisoka, ndi imene ili mu phukusi lija ndinakutumizirani sabata yatha. Ndikhululukireni. Kunena zoona sindinasokepo chovala chosavuta chotero, nsalu inkangolowa yokha pansi pa singano.

Za bambo a ana ndalira mpaka maso kutupa. Ine ndinalipo, alamu! Ankayenda uku ndi uku m'khonde la chipatala akuimbira mwana, anesi mpaka kumuseka mawu ake osasa aja. Ndiye akuti akuona benchi yopanda munthu? Nanga ine ndinali ndi ndani?

Wodzalipira ntchito ya suti sanali mayi aja. Anabwera Bwana Wamng'ono. Waonda, kolala ikumulendewera. Anaima pakhomo osalowa, akuseweretsa makiyi a sitolo.

“Ndamva kuti a Fyuzi ayamba kukumbukira,” anatero.

Nthawi imeneyo kalata yanu inali isanafike, ine osadziwa kanthu. Ndinati, “Kukumbukira chiyani?”

Anati, “Ndili ndi mnzanga ndi msilikali wa kundende.” Kenako anafunsa motsitsa, ngati mwana wopempha shuga, “Akuti akukumbukira mpaka pati?”

Ndinati sindikudziwa. Anagwedeza mutu n'kumapita, chenji osatenga. Pamene anaima paja ana sakupondapo, sindikudziwa amene wawauza.

Ngati n'kotheka ilandeni sutiyo asanaivale.

Mlamu wanu.

29 Meyi

Mlamu,

Moni. Ndikulemba nditangofika kuchokera kukhoti, nsapato sindinavule.

Suti sindinathe kuilanda. Phukusi litafika ndinayesa mwapeza ina, ndinakalisiya kugeti la ndende osatsegula. Kalata yanu itabwera ndinathamangirako, koma anati katundu akalembedwa satulukanso mpaka tsiku la mlandu.

Ndiye Fyuzi analowa m'khoti ataivala. Inamukhala ngati anabadwa nayo. Khoti lake ndi lozizira, mabenchi athabwa, fani ikuzungulira mwaulesi kudenga, majaji atatu pamwamba. Mayi a kuhadiweya anabwera ndi mwana wawo, anakhala kumbuyo kwenikweni kwa Fyuzi. Ndinaona mayiwo akutambasula dzanja n'kuchotsa kaulusi paphewa la jeketelo. Fyuzi sanatembenuke, koma khosi lake linachita tsemwe, ndinaliona ndi maso angawa.

Loya wathu analankhula bwino, za zala, za loko, za umboni wanu. Woimira boma anangoti munthu anavomera yekha, akufunanso chiyani. Ali pakati, Fyuzi anakweza dzanja. Loya anamukoka jekete, koma jaji wamkulu, bambo wa imvi wolankhula pang'onopang'ono, anati msiyeni.

“Ndinapha ndine, bwana. Anthuwa akungondikonda.”

Jaji anavula magalasi.

“Munalowa bwanji m'sitolomo?”

“Ndinathyola loko wa khomo lakumbuyo.”

“Ndi chiyani?”

“Ndi hamala yanga.”

“Hamalayo munaitenga kuti?”

“M'chikwama changa, pansi pa kauntala.”

“Kauntala ya m'kati mwa sitolo?”

“Inde, bwana.”

“Ndiye munatenga hamala m'kati, kuti muthyolere loko, kuti mulowe m'kati?”

Fyuzi anayasama. Anayang'ana dzanja lake nthawi yaitali, kenako anati, “Ndi mmene ndimaonera, bwana.” Jaji anamuuza mofatsa kuti akhale pansi.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi ichi. Pamene Fyuzi ankayankha, ndinacheuka. Bwana Wamng'ono anali atatsinzina, thukuta lili kamukamu, milomo yake ikuyenda limodzi ndi ya Fyuzi. Atafika pa za loko, mnyamatayo anapukusa mutu pang'ono, ngati mphunzitsi womva mwana akulakwitsa.

Chigamulo akuti adzatiitana. Pempherani.

Mlamu wanu.

20 Julayi

Mlamu,

Wamasulidwa! Majaji onse atatu agwirizana kuti sitetimenti ija inatengedwa mokakamiza ndipo ikudzitsutsa yokha, ndiye popanda iyo palibe mlandu. Za kiyi anangotchula kuti apolisi sanafufuze. Loya akuti n'zokayikitsa kuti angafufuzenso.

Ine ndinalumpha, ndinakumbatira ndi mlonda wa pakhomo yemwe. Fyuzi anangofunsa loya kuti, “Ndiye amene andilange ndani?”

Wagona kwanga masiku angapo. Sakhala pampando mpaka umuuze, chitseko chikakhala chotsegula amachitseka. Suti ija ndaitentha kuseri kwa nyumba iye atapita kukasamba. Ndimukweza basi ya Lachisanu. Mukamulandire nokha, ndipo musadutse naye msewu wa kuhadiweya.

Mlamu wanu.

11 Ogasiti

Alamu anga,

Moni, ndikhulupirira msana uli bwinoko. Anafika bwino. Ana anachita naye manyazi tsiku loyamba, lachiwiri anali atamukwera kale pamapewa. Wakonza switchi ya kuchipinda imene inandizunza zaka zitatu. Ndinati basi, mwamuna wanga wabwera.

Koma chakudya ankangochitosa. Ndinapita naye kuchipatala, ndinamuonetsa khonde lija, benchi ija. Nesi wina wachikulire anamuzindikira, anati, “Si inu munkaimba moipa aja?” Iye anaseka mwaulemu, tikutuluka anandiuza kuti, “Wamuuza ndiwe.”

Lamlungu masana ndinaona wavala malaya oyera, akutuluka. Ndinamutsatira, nsalu ili m'manja. Anadutsa msika, anadutsa pokwerera basi, mpaka kunyumba kwa malemu, kuseri kwa sitolo. Mayi aja anali pakhonde akusankha nyemba. Anagwada pafumbi pamaso pawo.

“Mayi, khoti landimasula, koma ine ndikudziwa. Amuna anu ndinapha ndine. Ndikhululukireni.”

Ndinakuwa, “Mayi, muuzeni zoona! Inu mukudziwa, muuzeni!”

Anandiyang'ana. Alamu, nkhope imene ija sindidzaiiwala, maso ouma ngati a nsomba ya pamsika. Pakamwa panatseguka, ndinaona kuti mawu afika pammero. Pamenepo katani ya pawindo inagwedezeka, mwana wawo anali ataima kuseri kwake. Mayiwo anacheukira kuwindoko, kenako anaika lichero pansi, n'kusanjika dzanja pamutu pa mwamuna wanga.

“Ndakukhululukira, mwananga. Dzuka.”

Analira ngati khanda, iwo akumusisita. Titabwerera kunyumba anadya mbale ziwiri n'kupempha ina.

M'mawa mwake Bwana Wamng'ono anabwera yekha kudzamupatsa ntchito. Akuti mawaya aja sanamalizidwe, ndipo m'sitolo mukufunika munthu wokhulupirika. Ndinakana, ndinatseka chitseko, ndinabisa nsapato zake. Anapita ndi masilipasi. Anthu m'tawuni muno akuti banja la malemu ndi la oyera mtima, makasitomala ayambanso kundibweretsera nsalu. Ndikamuuza kuti tisamuke amati, “Ndithawe anthu amene andikhululukira?”

Ndinapita kupolisi. Wa pa kauntala anandifunsa kuti, “Mayi, mwamuna wanu watuluka, mukufuna abwererenso?”

Bwerani, alamu. Inu amakumverani.

Mlamu wanu.

3 Sepitembala

Achemwali,

Moni. Ndamva kuti mukupempha tchuthi kuti mubwere. Musataye ndalama za basi, ndili bwino kuposa kale lonse. Mkazi wanga amadandaula chabe, mukumudziwa.

Ntchito ikuyenda. Ndimayeza misomali, ndimadula mawaya, ndimasesa. Mayi amanditumizira tiyi wa mkaka ngati mwana wawo. Bwana Wamng'ono ndiye sindikudziwa kuti ndimuthokoze bwanji. Munthu amene ndinamulanda bambo ake, koma sandilola kunyamula simenti ndekha, ndipo sapita kulikonse osanditenga.

Madzulo tikatseka timatsala awiri. Amakhala pa kauntala, ine pa chitini cha penti, n'kundifunsa kuti ndimufotokozere za tsiku lija. Akuti zimamuthandiza kugona. Ndimafotokoza kuyambira pachiyambi. Pena pamene sipamveka amandithandiza. Za loko zija zinkandisokoneza kukhoti wandikonzera, akuti sindinathyole, khomo linali lotsegula kale. Ndipo n'zoona, tsopano ndimaliona lili lotsegula. Akuti wailesi inkalira, n'chifukwa chake a Hadiweya sanandimve ndikubwera. Akuti sindinamenye kamodzi monga inalembedwera sitetimenti, koma kawiri, chifukwa koyamba anatembenuka.

Dzulo anandikumbutsa chimene ndinaiwaliratu, mawu omaliza amene malemu ananena atatembenuka n'kundiona. Akuti anati, “Mwananga, ndiwe?”

Ndadabwa kuti ankandikonda chotero, mpaka kunditcha mwana wawo. Bwana Wamng'ono ponena mawuwo analira kwambiri, ndinachita kumugwira kuti asagwe. Akuti mawa tidzayambirenso pachiyambi.

Moni kwa loya.

Mlongo wanu, Fyuzi.